Ngolo ya alamu yalandidwa

Karonga,
14 Novembala

Okondedwa achemwali a Loveness,

Ndikhulupirira muli bwino kumudziko. Mwendo wa atate ukutupabe? Ine ndili bwino, kungoti dzuwa la kuno likuwotcha ngati tinalilakwira.

Nkhani ya amuna anu a Lyson muimve kwa ine, chifukwa iwo akabwera adzaikometsera. Khonsolo yathu inagamula kuti zinyalala za mumsika izitola yokha. Zopikisana zija, zoti aliyense wa ngolo yokankha azinyengerera eni mashopu ndi mtengo wake, zatha. Chidziwitso chake ndinataipa ndine, kutatsala milungu itatu kuti lamulo liyambe.

Chidziwitsocho chinali m'Chingerezi, ndipo wa chimkuzamawu analengeza m'Chitumbuka ndi m'Chinkhonde. Alamu atha zaka ziwiri kuno koma amangodziwa kupereka moni. Anzawo onse anabisa ngolo zawo. Iwo Lolemba analawirira, n'kusangalala kuti msika wonse watsala wawo. A khonsolo anawagwira n'kuwalanda ngolo itadzaza makoko a nthochi.

Mufunsa ngati ndinawachenjeza. Ayi. Anabwera kwanga kawiri milungu imeneyo, ndinawaphikira mpunga, ndinawathirira ndi tiyi.

Lachitatu anabwera ku ofesi atavala jekete. Anagwada pamaso pa anzanga, akuti ndiwalankhulire kwa abwana chifukwa ana kumudzi alibe podalira pena. Ndinawayankha kuti katundu wolandidwa sabwezedwa, komanso mayina a ofuna ntchito yosesa mumsika tinatseka kale. Analira, munthu wamkulu ndi ndevu zake. Sindinamve chisoni, ndisakunamizeni.

Mukukumbukira chimene munagulitsa kuti mugule ngolo imeneyi? Makina osokera amene amayi anandisiyira ine pomwalira, inu muli pomwepo m'chipatala. Nditafunsa munati mwana wa sukulu alibe nawo ntchito makina, ndipo alamu anaseka. Fisi akadya mafupa amaiwala, mwini mbuzi saiwala.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani mudzawatenge amuna anu. Akugona pakhonde la sitolo ya mnzawo, ndipo akumauza aliyense kuti ndine mlamu wawo. Zikundichititsa manyazi.

Ngoloyo musaidandaule, ikusamalidwa. Aipaka utoto wobiriwira n'kuilemba nambala. Imadutsa pakhomo panga Lachisanu lililonse, ndipo ndimatayamo zinyalala zanga. Cholowa cha amayi chayamba kundithandiza tsopano.

Mundiperekere moni kwa atate, azakhali ndi ana anu onse anayi.

Ndine mng'ono wanu,
Mervis