Mmene Amayi Ankasekera

Los Angeles
14 Ogasiti

Okondedwa achemwali Annapurna,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino kumeneko ku Guntur. Mawondo aja akukuvutanibe? Nanga alamu akumwa mankhwala a shuga, kapena akubisabe maswiti m'thumba la malaya? Ine ndili bwino, kupatula chimfine chomwe ndinatenga mu ndege.

Ndatha masabata atatu kuno kwa mwana wanga Sravani. Achale a mango owawa tsabola munatumiza aja atsala theka, chifukwa amapita nawo kuntchito n'kumakaliza nawo anzake.

Mwakhala mukundifunsa kuti ntchito yakeyi kwenikweni ndi yotani. Nanenso zaka zonsezi ndinkangouza anthu kukachisi kuti amagwira ntchito ku kanema, n'kusintha nkhani msanga. Tsopano ndadzionera ndekha. Achemwali, anthu khumi akuluakulu, ena a imvi, amakhala m'chipinda tsiku lonse kupeka nthabwala, madzulo n'kumati atopa! Lolemba lililonse ochita sewero amazungulira tebulo n'kuwerenga zomwe zalembedwa, alembi ali kumbuyo ndi mapensulo. Pomwe anthu aseka amachonga, pomwe pangoti zii amadula. Ndinafunsa kuti kusekako amakuyeza ndi chiyani, Sravani anati ndi khutu basi.

Lolemba lapitali ananditenga, chifukwa kwa nthawi yoyamba amulola kulemba gawo lonse la sewerolo yekha, n'kuseweramo ngati gogo wa m'nkhaniyo. Sanandiuze kuti gogoyo ndani. Atangoyamba kuwerenga ndinawazindikira malemu amayi athu, kukangana kwawo ndi wogulitsa mabilinganya, ndi kuja ankanenera apongozi awo kwa Mulungu akamayatsa nyali m'mawa. Mwanayu anawaona kawiri kokha, koma wawatola ndendende kuchokera m'nkhani zanga.

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma mukudziwa mmene anatilerera, kuti mkazi saonetsa mano pagulu. Ndinakoka nsonga ya sari n'kuphimba kukamwa, ndawerama, mapewa akugwedezeka, misozi ili chuchuchu.

Bwana wawo, mayi wina dzina lake Marjorie, anandiona n'kuganiza kuti ndikulira. Sravani anabwera kunyumba nkhope itagwa, akuti gawo lija alichotsa, poti ngati mayi ake enieni alira chonchi ndiye kuti Amwenye onse a mu Amerika akwiya. Anandifunsa kuti mawu aja ndimamukalipira nawo mpaka aneba kumva anathawira kuti pa tsiku limodzi lomwe anawafuna. Ndinamuyankha kuti kukalipa n'kwina, kuseka n'kwina. Koma mumtima zinandipweteka kwambiri, kuti thukuta la mwana la miyezi inayi lipite pachabe chifukwa cha kansalu kanga.

M'mawa mwake ndinavala sari yomweyo n'kumutsatira, iye akundiletsa njira yonse. Ndinamufotokozera Marjorie uja kuti kwathu timabisa kuseka ngati mmene iwo amabisira kulira. Anandipanikiza ndi mafunso, ngati amuna nawonso amatero, ngati ndi lamulo la chipembedzo. Ndinati ayi, ndi lamulo la amayi. Gawolo alibwezeretsa, ajambula mwezi wamawa.

Koma kupita kwangako kwabala nkhani ina. Asintha mathero ake. Akufuna kuti gogoyo, alendo atapita n'kutsala yekha m'nyumba, achotse nsalu kukamwa n'kuseka momasuka kamodzi kokha. Dzulo Sravani anandifunsa kuti agogo ake ankaseka bwanji, mokweza kapena chapansipansi, kuti ayeserere. Kutsokomola kwawo ndikukumbuka, kulira kwa zibangili zawo akamapera mpunga ndikukumbuka, koma kuseka ayi. Sindikudziwa ngati ndinaiwala kapena sindinakumvepo n'komwe.

Pempho langa ndi limeneli. Inu munakhala nawo zaka zisanu ndi zinayi ine ndisanabadwe, bambo akadali moyo. Ngati munawamvapo akuseka, mundiimbire Lamlungu mundiyeserezere pa foni, ngakhale muchite kudzitsekera kuchipinda kuti alamu asakuoneni. Ngati nanunso simunawamvepo, mundiuze zoona. Mwanayu ndidzamuuza kuti aseke mmene amasekera iye mwini, chifukwa mwina kuseka komwe amayi anabisa moyo wawo wonse kunatulukira mwa iyeyu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Tenali, ndi kwa mwana wanu Phanindra ndi mkazi wake. Adzukulu muwauze kuti nsapato zawo ndawagulira, asakule mapazi ndisanafike. Sravani akuti wakugwirani mapazi mwaulemu monga mwa mwambo wathu, mumudalitse.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Hymavathi