Bala Lopanda Magazi la Alamu Anu

Pitalito, 14 Ogasiti

Achemwali anga a Nubia,

Ndikhulupirira muli bwino uko ku Antofagasta, ku Chile, ndipo msana uja wasiya kukuzunzani. Nanga alamu anga a Wilmer akupeza bwanji ndi fumbi la kumigodi? Ife kuno tadzuka. Mwana wathu Dana akukula ngati udzu, nsapato munatumiza zija zayamba kale kum'thina.

Miyezi iwiri yapitayo ndinakulonjezani kuti ndiwasiya alamu anu a Arley, nditenge mwana tibwere kwa inu. Khalani pansi kaye, muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kundikalipira.

Mukudziwa zimene ndaona chibwerereni iwo ku usilikali zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Kuwatuma mafuta, amabwera ndi sopo. Wailesi ikangokwera pang'ono, ukali. Sancocho wanga, msuzi uja wa nyama ndi chinangwa umene anthu amanyambita nawo mbale, iwo ankangothiramo mchere n'kumati sakukoma. Zonsezo ndinkapirira. Koma tsiku limene anaiwala Dana pageti la sukulu, mwana n'kukhala pamvula maola awiri, mtima wanga unatha. Ndinawalalatira pamaso pa mwanayo kuti ndi bambo wachabechabe.

Kuchipatala cha asilikali akale akhala akupita zaka zonsezi. Kumeneko ankati ndi maganizo a kunkhondo, n'kuwapatsa mapiritsi. Maloto oipa anachepadi, koma kuiwala kunali pompo.

Ulendo wina ndinawaperekeza. Ndisaname, sichinali chikondi ayi. Ndinkafuna ndikawauze madokotala kuti munthu wawo ndikuwasiyira. Tinapeza namwino watsopano, Mayi Edilma, wamfupi, wamawu ngati wogulitsa mapeyala pamsika. Anati tsopano msilikali aliyense wobwera ndi vuto la maganizo azifunsidwanso za mutu wake. Anawafunsa ngati anavulalapo kunkhondo. Alamu anu anawongola msana n'kuyankha mwachisilikali kuti ayi, anabwerako athunthu, ngakhale kachipsera alibe.

Chitseko chinali chotsegula pang'ono, ndipo pabenchi panjapo panali Ferney, mnzawo wa kunkhondo, uja wa mwendo wachitsulo. Munthu ameneyu makutu ake ndi aatali. Tinangoona mutu wasuzumira, amvekere: "Wabodza ameneyo, mayi! Iwe Arley, chitsiru iwe, tsiku limene bomba linanditengera mwendo ku Caquetá sunali kumbuyo kwanga penipeni? Unagona chigonere ngati thumba la mbatata, ine n'kumakuitana. Utadzuka unandibereka, inde, koma njira yonse umangofunsa kuti lero n'lachingati. Ine ndikufa, iwe ukufuna kalendala!"

Alamu anu anayang'ana pansi. Anati zogonazo sakuzikumbuka, amangokumbukira makutu akulira ndi mutu ukuwawa masabata angapo. Anati akanayamba bwanji kudandaula za mutu pamene mnzawo wasiya mwendo kutchire? Magazi sanatuluke, ndiye patapita masiku awiri ananyamula mfuti n'kubwerera pamzere. Mayi Edilma anawomba m'manja, amvekere: "Nonse mumatero, ana inu! Kwa inu bala ndi magazi basi. Ubongo ukagwedezeka m'chigaza umalemba kalata?"

Kenaka anawauza atsinzine, n'kuwayandikizira kabotolo pamphuno. Ine ndili uko pakona fungo linandipeza, khofi weniweni wokazinga. Alamu anu ananunkhiza, kununkhizanso, n'kunena kuti m'botolomo mulibe kanthu. Achemwali, mwana wobadwira m'munda wa khofi! Mayiwo anawapatsanso mawu asanu oti asunge, ndipo atawafunsa patapita kanthawi anatsala ndi awiri okha.

Anatitumiza ku Neiva kwa dokotala wa ubongo. Anawayeza tsiku lathunthu, ndipo anatiuza mosapsatira kuti bomba lija linavulaza ubongo. Maganizo a kunkhondo alipodi, koma pansi pake pali bala limeneli, limene palibe analifunsapo. Kuiwala, ukali, kusamva fungo ndi kukoma kwa chakudya, zambiri zikuchokera pamenepo.

M'basi pobwerera ndinaseka mpaka misozi, anthu n'kumandicheukira. Sancocho wanga alibe mlandu, achemwali! Ndipo amuna anga sanatope nafe, anavulala. Iwo anangondigwira dzanja n'kunena kuti nawonso ankadziona ngati chilombo, poti bambo weniweni saiwala mwana wake pamvula.

Dokotala sanatinamize kuti zonse zidzabwerera, fungo mwina lapita ndithu. Koma mankhwala awasintha, ndipo Lachiwiri lililonse amakaphunzira njira zothandizira kukumbukira. Foni yawo tsopano imalira ngati tambala wosokonezeka kuwakumbutsa zochita, koma ikugwira ntchito. Masabata atatu tsopano sanaphonyepo kukatenga Dana. Amafika msanga moti mlonda wa pasukulu wayamba kuwasungira mpando.

Ferney ndiye watukumuka, akudzitcha dokotala. Awiriwa akumayenda panjinga yamoto kusaka anzawo a gulu lawo lija kuti akayezedwe. Apeza asanu ndi awiri, ndipo atatu atumizidwa kale ku Neiva. Akuti aliyense amayamba n'kukana kuti sanavulalepo, Ferney n'kumukumbutsa mochititsa manyazi pamaso pa mkazi wake.

Lamlungu lapitali ndinalimba mtima n'kuwaululira zonse, za lonjezo langa kwa inu ndi za chikwama chimene ndinalongedza n'kubisa kuseri kwa kabati. Ndinkayembekezera mkuntho. Iwo anati anachiona kalekale, ndipo sanandifunse chifukwa ankaona kuti ndikulondola. Anandiuza ndikachitsegule. Pamwamba penipeni ndinapeza juzi ya Dana ndi khadi lake la katemera, zimene ine ndinaiwala. Anati anamva kuti ku Chile kumazizira.

Sindikubwera, achemwali. Munanditsegulira khomo pamene ndinalibe kolowera, ndipo sindidzaiwala. Chimene ndikupempha n'chimodzi: muwaimbire alamu anu. Mawu amene inu ndi ine tinawanenera anali olemera, ine ndapepesa kale mbali yanga.

Mundiperekere moni kwa a Wilmer ndi ana onse. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu ndi msana wabwino.

Ndine mng'ono wanu,
Yolima