Miyezi Yanga ndi Mwezi Wawo

Thamesmead, London
17 Novembala 2024

Okondedwa alamu anga a Jailos,

Imirirani kaye, muvule chipewa, chifukwa amene akukulemberaniyu si Morton wamba uja munkamupirikitsa m'munda mwanu wa mzimbe. Ndine gogo wake wa munthu wa boma la Mangalande woona za kumwamba. Sitandade 5 yanga ija yabala zipatso. Tsopano khalani pansi, mawondo anuwo ndimawadziwa.

Muli bwanji ndi amayi kunyumbako? Kuno kwazizira, ndipo dzuwa likumaweruka msanga ngati kalaliki wa kwa DC.

Nkhani ndi ya mkazi wanga wamng'ono Atikonda, mwana wa Margaret wanga uja munamuona komaliza akuyamwa chala. Anamaliza sukulu ya zamakina ndipo anamulemba ntchito kubungwe la boma loona za mlengalenga. Alamu, anthu amenewa sadziwa kuti munthu amafa. Mapulani awo amayambira pomwe athu amathera. Akuti ayamba n'kusesa zitsulo zakutha zimene anataya okha m'mwambamo, kenako atumize makina okafufuza madzi kumwezi, ndipo pakadzapita zaka makumimakumi munthu akaponde dziko lofiira lotchedwa Mars. Ndinamufunsa kuti, "Mkazi wanga, madzi akusowa ku Ntcheu, inu mukukakumba mjigo kumwamba?" Anandigenda ndi pilo.

Ndiye anamusankha kuti apite ku America ndi gulu lokonza makina a madziwo. Malo ake ndi ochepa, ofuna ndi khwimbi, ndipo ukakana sakufunsanso kachiwiri.

Lamulungu lina kutchalitchi kwathu ku Woolwich abusa anamuitanira kutsogolo kuti atsanzike. Mwanayu Chichewa amamva, koma poyankhula chimatuluka chopindika. Tsiku limenelo anafuna kundisangalatsa. Anaimirira mwaulemu, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Mundipempherere, chifukwa ine ndi anzanga onse akuntchito tikhala tili kumwezi zaka zambiri."

Alamu! Amayi amvano anabisa nkhope m'zitenje. Abusa anayamba kufufuza vesi imene sinatayike. Mayi Sibeso a ku Chipata anakuwa ali kumbuyo kuti, "Zaka? Mwanawe, zimenezo n'za kuchipatala! Ndi amuna omwe?" Ine ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira. Nditachotsa mpango pakamwa, munali magazi. Margaret anawaona ndisanabise. Namwino simungamunamize.

Anandikokera kuchipatala, anandijambula uku ndi uku, ndipo mapeto ake dokotala anatikhazika m'kachipinda kokhala ndi maluwa apulasitiki. Ndi khansa ya m'mapapo, ndipo yayenda kale thupi lonse ngati mphekesera. Ndinauza Margaret kuti amufunse zatsala zaka zingati. Dokotala anayang'ana nsapato zake n'kunena kuti tisakambe za zaka, tikambe za miyezi. Ndinati, "Muuze kuti banja lathu ndi la mwezi basi. Wina akupita kumwezi, wina akuwerenga miyezi." Margaret sanamasulire.

Tili m'basi yobwerera kunyumba tinakangana, mwana wanga ndi ine, motsitsa mawu ngati akuba.

"Bambo, tiyenera kumuuza Atikonda."

"Akamva akwera ndege?"

"Sakwera. Munamulera ndinu ine ndili pa shifiti. Sangakusiyeni."

"Ndiye watha kudziyankha wekha."

"Adzandida moyo wake wonse, bambo."

"Adzakuda ali pantchito yake. Ukufuna akhale pano azinditawasa malovu, makina ake akukonza ana a eni?"

Analira kuyambira pamsika mpaka pamene timatsikira, koma analonjeza.

N'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba foni, pakuti chifuwachi chimayankhula ndisanayankhule ine. Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, amayi akunyumba kwanuwo asamve. Ndimawalemekeza, koma ndi wailesi yosafuna mabatire, ndipo amacheza ndi Atikonda pa WhatsApp. Mukawerenga, kalatayi muyatsire fodya. Chachiwiri, mukalankhule ndi adzukulu a kumanda kuti malo aja a pambali pa mlongo wanu Nachisale asapatse wina. Anandipirira ali moyo, andipirirenso. Kumudzi ndibwera ndithu monga ndinkalonjezera, koma ndidzakwera m'munsi mwa ndege pamodzi ndi masutukesi.

Pena ndimakhala pampando n'kumaganiza za anthu a bungwe lakelo. Nkhalamba zina kumeneko zikujambula ulendo wa ku Mars zikudziwa bwino kuti tsiku lonyamuka zidzakhala zili m'dothi. Kale ndikanati ndi misala. Koma bambo anga anadzala mango aja a kuseri kwa khola mano atawathera m'kamwa, ndipo amene munawadya mpaka kutsegula m'mimba ndinu.

Atikonda ananyamuka Loweruka lapitali. Ndinavala jekete yanga ya paukwati, ndinamuperekeza mpaka pasiteshoni ya sitima ku Woolwich, ndipo ndinamuvinira beni azungu akuona. Ndinamuuza kuti akafika asakauze anthu kuti ali kumwezi. Iye anati, "Agogo, mundidikire. Makina athu akadzatera tidzaonera limodzi." Ndinati, "Ndingapite kuti ine?"

Mupereke moni kwa amayi, kwa mwana wanu Zikomo ndi ana ake, ndi kwa onse amene ndinawaputa, muwauze kuti ndikanakhala ndi nthawi ndikanawaputanso. Mwezi ukatuluka kumeneko muziupatsa ulemu, ndi ofesi ya mdzukulu wathu. Musandilire msanga, mungathe misozi tsiku lake lisanafike.

Ndine mlamu wanu wosamva,
Morton Chimbalanga

Ndiwonjezere pang'ono. Za kusiteshoni zija ndapeka, alamu. Sindinavine, jekete sinatuluke m'kabati. M'mawa umenewo miyendo inakana, ndipo nditadziyang'ana pagalasi ndinadziwa kuti akaona nkhope iyi aika chikwama pansi. Ndinakhoma chitseko n'kuyamba kuliza mkonono wabodza. Anagogoda nthawi yaitali. Mawu aja oti ndimudikire anawanenera kuseri kwa chitseko, ndipo ine sindinayankhe. Atatsika ndinakwawira pazenera. Ndinamuona pamalo okwerera basi akuyang'ana m'mwamba, akufunafuna nyumba yathu, koma mazenera a kuno ndi ofanana onse. Anakweza dzanja n'kubayibitsa zenera la aneba. Munthu wofuna kulasa mwezi, kuphonya zenera la agogo ake! Ndinafuna kuseka, koma basi inali itafika.