Ngalande ya Kuseri kwa Nyumba Yanu

Amayi, kodi kumene munapitako mukukhala bwanji? Kaya kumenekonso kumagwa mvula. Kuno chaka chino yagwa yaukali, ndipo ndi mvulayo yandikhazika pansi kuti ndikulembereni, patatha miyezi isanu ndi itatu chikuikireni m'manda. Ndili ndi mlandu kwa inu ndi kwa mdzukulu wanu Tiyese. Mwanayo anasiya kucheza nane, amangoti inde, ayi, basi, ndipo wolakwa ndine.

Ndiyambe ndi zabwino, monga munkachitira inu mukabwera ndi uthenga wowawa. Mlamu wanga, mkazi wa Lakisoni, anachira mu Disembala ku Nyimba. Ndi mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu lija Velina. Mphuno ndi yanu, ukalinso ndi wanu, akalira mudzi wonse umadziwa. Mtedza munakumba musanadwale uja tinagawana popanda mkangano, zimene zinandidabwitsa ndithu. Mbuzi yanu yothyoka nyanga ikadali yakuba, yamaliza chibwabwa, masamba a maungu aja, m'madimba a anthu atatu ndipo onse amaitchula dzina lanu poitukwana.

Koma nyumba yanu kulibenso, Amayi. Titangometa, mlongo wanga Lakisoni anaimirira n'kunena kuti, "Mwambo uti nyumba ya malemu tigumule. Sitingaisiye chabe iimilile." Ameneyo ndi munthu amene anakana kumetedwa tsiku lomwelo, ati ku Lusaka anzake amuseka. Miyambo yonse anaiiwala, n'kukumbukira umodzi wokhawo, chifukwa malo anu ali pafupi ndi msewu wopita kwa Mwape ndipo ankawafuna. Ndikamaganiza zimenezi mtima umandiwawa, koma sindingamuloze chala kwambiri, poti zotsatirazo ndinachita ndi manja anga.

Anabwera kwanga ku Petauke ndi chithunzi pa foni. Nyumba zamakono zija, malata obisika kuseri kwa khoma, zopanda khonde, zoima ngati bokosi la sopo. Anati, "Esinati, iwe ndiwe mphunzitsi, nijambulile pulani. Khomo liyang'ane ku mseu, anthu aziona popita." Ine n'kumva kukoma. Ndinatenga rula ndi pensulo, n'kujambula pa tebulo la kunyumba kwanga, mizere yowongoka bwinobwino. Kumudzi sindinapiteko kukaona malowo. Ndinkati ndikuwadziwa, si ndinabadwira pomwepo?

Mukukumbukira mmene munamangira nyumba ija atate atamwalira? Anthu ankakusekani chifukwa munakana kukhoma chikhomo mpaka mvula yoyamba itagwa. Itagwa, munatuluka opanda nsapato, chitenje pamutu, kutsatira madzi kuchokera kuphiri, kuona pamene akudutsa msewu ndi pamene akupotoka. Munkati, "Yamba waona kumene manzi apita, ndiye ukhome chikhomo." Phirilo munalipatsa msana, khomo n'kuyang'ana kumadzulo. Denga munalitsitsa mpaka khonde linakwana anthu asanu ndi mphasa, kuti mvula isamadye khoma. Kuseri munakumba ngalande yokhota. Nyumbayo inakhala zaka makumi awiri, ndipo madzi sanalowemo ngakhale tsiku limodzi.

Ine nthawi imeneyo ndinali pa tchuthi kuchokera ku sekondale. Munandiitana kuti ndidzaponde nanu dothi, ine n'kukweza buku kuti muone kuti ndatanganidwa. Munangoti, "Welenga, mwana wanga, manja yako ni ya pensulo." Zaka zonsezi ndinkayesa munkanditama. Amayi, munalekeranji kundikoka khutu? Pa zinthu zina zopanda pake munkandikalipira mpaka madzulo, koma pa chinthu chenicheni munandilekerera. Pamenepa ndakukwiyiraninso inuyo, ndinene poyera.

Tsono mu Okutobala, nyumba ya Lakisoni ikumangidwa, kusukulu tinafika pa mutu wophunzitsa ana a giredi faifi kajambulidwe ka nyumba. Tiyese anali m'kalasi langa chaka chimenecho. Ndinawaonetsa maziko, makoma, khomo, mawindo, zipinda, zonse monga zilili m'buku, n'kuwauza kuti aliyense ajambule nyumba yabwino. Ana anajambula mabokosi awo ndipo ndinawachongera onse. Nditafika pa Tiyese ndinapeza kanyumba ka khonde lalikulu, khomo litafulatira msewu, kuseri kwake mzere wokhota ngati njoka.

Ndinafunsa kuti mzerewo ndi chiyani. Anati, "Ni njila ya manzi, monga kwa ambuya." Ndikanangomusiya. Koma ndinkaopa kuti ana anena kuti ndikukondera mwana wanga, ndiponso, ndisaname, ndinachita manyazi kuti mwana wa mphunzitsi wajambula zakumudzi. Ndinanyamula kope lake m'mwamba n'kunena kuti, "Onani, uyu watijambulila khumbi la kumunda." Kalasi lonse linafa nazo kuseka. Ndinalemba mtanda waukulu ndi bolopeni yofiira. Tiyese sanalire. Anatseka kope lake, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanajambulenso kanthu, ngakhale pa mchenga.

Mu Januwale inagwa mvula ija. Inayamba m'mawa anthu ali kumunda. Madzi anatsika kuphiri, anadutsa msewu pamene ankadutsira masiku onse, n'kupeza khomo likuwayembekezera. Ngalande yanu amisiri anali ataikwirira ndi zidutswa za njerwa. Mlamu anaima pa bedi, khanda lili m'manja, madzi akufika m'mawondo. Velina wamng'ono anadwala chifuwa milungu iwiri, mwamwayi wachira. Chimanga cha m'matumba chinamera. Mphasa yanu ndi nzama zanu zambewu, zimene ndinasunga m'nyumbamo poganiza kuti ya simenti ndiyo yotetezeka, zinaola zonse. Khoma la kumsewu lachita mng'alu woti dzanja n'kulowa.

Lakisoni anakalipira mmisiri, a Daka, pamaso panga. Bamboyo sanakweze mawu. Anatulutsa pepala m'thumba, analitambasula, n'kundiyang'ana. "A madamu, pepala ni iyi. Nilangizeni ngalande ili pati. Ise timanga vimene mwalemba." Pansi pa pepalalo panali dzina langa, lolembedwa mokongola. Ndinasowa pobisa nkhope.

Loweruka lapitali ndinatenga khasu n'kukwera basi ndi Tiyese, kuti ndikatsegule ngalandeyo. Titafika ndinaima kuseri kwa nyumba ngati mlendo. Pansi panali posalala, pamera udzu, ndipo sindinadziwe poyambira. Ndinakumba apa, ndinakumba apo, thukuta lokhalokha. Lakisoni anakhala pa mpando n'kumati tidikire a Daka. Tiyese anali chiimire pansi pa mtengo wa masau, manja kumbuyo, akundiyang'ana. Pomaliza ndinamufunsa ngati akukumbukira pamene ngalandeyo inkadutsa.

Anathyola kamtengo, n'kuyamba kulemba pansi kuchokera pa tsinde la masau. Anazungulira mwala waukulu uja munkanolerapo mipeni, anakhota kumunsi kwa nkhokwe, mpaka kukafika ku nthochi. Kenako anati, "Ambuya anali kunituma kuchotsamo vinyalala mvula ikalibe kuyamba. Anali kukamba ati manzi yapelekezeni ku nthochi, yasapite chabe." Nditakumba motsatira mzere wake, khasu linalowa m'dothi lofewa, njerwa zija n'kumatuluka imodziimodzi. Choncho zimene ine ndinakana munapatsa mwana wanga mwakachetechete, ine n'kubwera ndi bolopeni yofiira kudzazithetha.

Titabwerera ku Petauke ndinafunafuna kope lija. Mzere wa njoka uja ndi womwewo, kukhota kwake komweko, ngakhale mwala anaujambula. Ndinamuitana, ndinapepesa, n'kuchonga pambali pa mtandawo iye akuona. Ndinkayembekezera kuti amwetulira. Anayang'ana kopelo kwa kanthawi n'kunena kuti, "Koma anzanga sanaone, amai. Paja anaona onse."

Mawu amenewo akundidyabe mpaka lero. Nyumba yanu sindingaidzutse. Nzama zanu zapita, ndipo sindikudziwa wina amene ali ndi mtundu umenewo. Lakisoni wakana kusuntha khomo, ati nyumba ingaoneke yachimidzi, choncho lidzayang'anabe phiri mpaka mvula idzamuphunzitse kachiwiri. Chimene chatsala m'manja mwanga ndi mwanayu basi.

Anzake aja tsopano ali giredi sikisi, mphunzitsi wawo ndi wina, koma ndamupempha kale ola limodzi. Lolemba ndikalowa m'kalasimo ndi kope lomwelo, ndikalinyamula m'mwamba monga ndinachitira tsiku lija, ndipo ndikanena pamaso pa onse kuti nyumba ya mphunzitsi inalowa madzi, ya Tiyese ndiyo inali yolondola. Akafuna kuseka aseke ine. Mvula ikagwa ndidzawatulutsa onse opanda nsapato, titsatire madzi kuzungulira sukulu, wotsogolera akhale iyeyo. Kaya adzandikhululukira, sindikudziwa, ali ndi mtima wanu wosafulumira.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndinachedwa kukumverani. Ndikulonjeza kuti chaka chilichonse, mvula isanayambe, ndidzabwera ndi khasu kudzachotsa zinyalala m'ngalande yanu ndi manja anga a pensulowa.

Ndine mwana wanu,
Esinati