Madzi ofiira a a Magalasi

Lolemba, 3 Malichi
Phiko latsopano la kandege koyesera ndamaliza kuboola. Tibowo tosalala ngati tsaya la khanda. Dziko lonse lino palibe woboola ngati ine, ndi anankafumbwe omwe amabwera kudzaphunzira. Bwana injiniya amati kabowo kakakhala ndi kamlomo, mphepo imapunthwa n'kunama. Tanga sitinama.

Masana kuyesa machubu ochoka pa tibowo kupita ku timabotolo toyezera mphamvu ya mphepo. Ine m'chimpaipi cha mphepo choyeseramo mapiko, chogwada, kuuzira kabowo kalikonse. A Magalasi, mayi wowerenga zoyezera, kuseri kwa khoma, maso pa madzi ofiira a m'timabotolo tawo. Chubu chikakhala chabwino madzi amasuntha, iwo n'kukuwa, “Ayenda!” Mawu amenewo ine ndingadyere ndiwo zopanda mchere. Ndikauzira kawiri ndiye kuti tiyi. Chinsinsi chathu, bwana sadziwa.

Lachinayi, 6 Malichi
Kwabwera utoto. Ati ukapaka phiko, n'kuyatsa nyali yabuluu, umawala mosiyanasiyana malinga ndi mmene mphepo ikukanikizira, kamera n'kuwerenga yokha. Popanda kabowo, popanda chubu, popanda madzi ofiira. Ine ati ndikhala wopaka. Ndawauza kuti ndinabadwa ndi bulashi m'manja, azamba anachita kundilanda. Anthu kuseka mpaka misozi.

A Magalasi akuwatumiza kunthambi ina mwezi ukatha. Kutali, basi ziwiri. Apo sindinapeze nthabwala.

Lamlungu, 9 Malichi
Nyumba zii. Chimwalirireni mayi a ana sinayambe yakulapo chonchi. Mlongo wanga anabwera kudzachapa makatani, ine n'kutchula a Magalasi mwangozi. Mwina kangapo. Akuti, “Achimwene, pakamwa ngati wailesi, koma pa mkazi mmodzi batire latha?” Mwano. Ine ndikhoza kufunsira ngakhale mfumukazi, itavala chisoti.

Lachiwiri, 18 Malichi
Ndayesa. Ndinaima pa tebulo la a Magalasi, chifuwa patsogolo ngati tambala. Chomwe chinatuluka: “Madzi anuwa ndi ofiira bwino.” Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. “Ndi omwe aja a chaka chatha, bambo.”

Nsapato yanga yabooka pansi. Imeneyo sindinaboole ndine.

Lachitatu, 26 Malichi
Utoto ukugwira, tisanamizane. Phiko kuwala ngati mkanda wa mkwatibwi. Koma sulankhula. Umapaka, umatuluka, umatseka chitseko, basi. Palibe wokuwa kuseri kwa khoma.

Bwana amauza alendo kuti mphepo ili pawiri. Ina imamenya maso ndi maso. Ina imangodutsa m'mbali, kukanikiza mwakachetechete, ndipo ndi imene tibowo tanga timamva. Ndinaima kumbuyo ndi bulashi yanga, manyazi ngati akunena ine. Zaka zonsezi kudutsa m'mbali.

A Magalasi ayamba kulongedza. Kapu yawo ya maluwa yalowa kale m'katoni.

Lachisanu, 28 Malichi
Tsiku lawo lomaliza. Bwana anati tiyese phiko lakale komaliza, afananize ndi utoto. Ndinalowa, kugwada. Kabowo koyamba. “Ayenda!” Kachiwiri. “Ayenda!” Pa komaliza ndinakoka mpweya wonse wa m'chimpaipi, ndi wa mawa womwe, n'kuuzira pang'onopang'ono osaleka. Zonse zimene pakamwa panakana zinapita m'chubu. Maso mpaka kuchita mdima.

Kuseri zii. Ndinati basi, ndawathira madzi ofiira pa bulauzi, ndafa ine.

Kenako kamphepo pamlomo panga. Kofunda. Kochokera m'kabowo! Anazula chubu ku botolo n'kuuzira iwo. Kawiri.

Tiyi. Chonsecho nthawi yoweruka, ketulo atatsekera kale mu kabati.

Pachipata sanandiyang'ane n'komwe. “Mawa kulibe ntchito. Kapu ndibweretsa yanga.”

Ndasesa nyumba mpaka simenti yapyapyala. Makapu ndatsuka onse, ngakhale akubwera ndi yawo. Mlongo wanga wabwera ndi malaya ositasita, akuti mawa ndisayerekeze kuyamba ndi nkhani ya anankafumbwe. Nanga ndiyambe ndi chiyani? Ine, munthu woti mawu sanandithereko chibadwire