Pampu ya Bambo Yadzukanso

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi ana anu a madigiri aja. Ife kuno tadzuka.

Pampu ya makina athu otsukira magalimoto ija ndaikonza. Muwauze onse amene amati zaka zanga ziwiri za ku yunivesite zinangopita pachabe. Ndinaimasula yonse patebulo la kukhitchini, ndinasintha timphira toletsa madzi kudontha, ndinatsuka sefa, n'kuthira oyilo watsopano poti wakale anali atayera ngati mkaka. Tsopano ikulavula madzi mwaukali, matope a kunsi kwa lole akuchita kuyoyoka okha.

Simunafunse chimene chinaiwononga, komabe ndikuuzani. Inalizidwa mpopi uli chitsekere mpaka inapsa m'kati. Anailiza ndi alongo anu, bambo anga. Inu mukuwadziwa. Zaka makumi awiri akhala akukalipira aliyense kuti, "Madzi kaye, moto pambuyo!" Ineyo anandiwazapo khofi chifukwa cha lamulo lomweli. Koma tsiku limenelo ndinawapeza atangoima, payipi youma ili m'manja, pampu ikufuka utsi pambali pawo.

Dzulo nditamaliza kuimanga, anatchera khutu kuimvetsera ikulira, kenako anandigwira paphewa.

"Ntchito mumaitha, amakanika," anatero. "Kodi ndinu mwana wa yani?"

Chibadwire changa, aka kanali koyamba kundiyamikira.

Moni wa pafoni uja musavutike naye. Bwerani, Azakhali, pamene dzina lanu akulitchulabe.

Ndine mwana wanu,
wosamaliza sukulu uja.