Bala la a Sebastião

Lolemba, 1 Julho 1985

Koluna ya matropa, mdipiti wa magalimoto a asilikali, yafika lero kuchokera ku Tete. Yabweretsa gaze yomangira mabala, mankhwala pang'ono, ndi a Sebastião, alimi a kachewere a kuseri kwa tchalitchi. Pepala lawo lalembedwa cancro. Khansa ya pachida cha abambo, madotolo adula theka. Ntchito yanga ndi kutsuka balalo tsiku ndi tsiku.

Apempha namwino wamwamuna. Ndawauza kuti pa posito ya Ntengo-Wambalame pano, kachipatala kathu aka, ndatsala ndekha. Agona, chipewa kumaso, mpaka ndamaliza.

Lachitatu, 3 Julho

Akazi awo, mayi Judite, abwera khanda lili kumsana. Atseka okha chitseko.

"Anamwino, ndiuzeni zoona. Chotsalacho chimamva?"

Ine maso pansi! Kusikola ya unamwino palibe anatiphunzitsa kuyankha funso lotere.

Akuti mwana wakwana miyezi isanu koma sanatengedwe. Mwambo umafuna kuti bambo ndi mayi akhale malo amodzi kuti khanda likhwime. A S. chibwerereni akugona m'chisakasa chophikira. Achibale ayamba kunong'ona zoitana fisi, mwamuna wina woti adzagwire ntchitoyo, ndipo a S. avomera.

"Ine ndakana. Mwanayu bambo wake alipo."

Mayi woti sadziwa kulemba dzina lake, koma wafunsa zomwe ine sindikadatha kutchula.

Lachinayi, 4 Julho

Ndasanthula chibuku chomwe anasiya dotolo yemwe anali pano kale. Masamba mazanamazana, za nkhaniyi mizere inayi yokha. Koma ilipo: bala likapola, ambiri amathabe.

Loweruka, 6 Julho

Ndawaitana onse awiri. Ndawauza mosabisa. Khansa siyipatsirana pogona pamodzi. Adikire bala liume ndithu, mwina mwezi ndi theka. Kumva kudzakhalapo, kungoti mosiyana ndi kale, asathamange. Ndipo pakadali pano kugona mphasa imodzi, kukhudzana, palibe choletsa.

A S. akuyang'ana khoma: "Mukuvutikiranji? Ine ndatha. Apite kwawo akakwatiwe."

Mayi J.: "Bambo a Inês, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zonsezi mumayesa ndimakhalira kanthu kamodzi kokhako? Manja anuwo adulanso?"

Kenaka a S. aseka pang'ono m'mphuno, misozi ili mbwembwembwe. Ndatuluka ngati ndikukatunga madzi.

Lachisanu, 19 Julho

Masiku atatu kuthengo. Mfuti zinayamba Lachiwiri m'mawa ndili pa sikelo ya ana. Matsanga, zigawenga zija. Tonse kuphiri. Ndinangotola thumba la gaze, buku ili ndinalisiya.

A S. kuyenda kumawavuta. Mayi J. anamangira mwana kutsogolo, mwamuna atawakolowekera dzanja paphewa, mpaka pamwamba. Anthu ankawapitirira, iwo osasiyana.

Tsiku lachiwiri ndinali ndi mayi wina wobereka, sindikanatha kuchoka. Nditapita masana kukaona bala, ndinapeza latsukidwa kale. Madzi owiritsa m'chitini, mchere pang'ono, monga ndinawafotokozera. Anatsuka ndi mayi J., kuseri kwa mwala. Aka kanali koyamba kuti aone. Ndinawafunsa ngati sanaope. Akuti, "Ndimayesa n'zoopsa kuposa pamenepa. Ndi iwo omwewo basi."

Ndinawasiya atakhala pa dzuwa, afunda bulangete limodzi, anthu akuona. Ine mtima unangoti phwii. Zaka zisanu ndikutsuka mabala, izi sindinazionepo.

Ku posito aswa zenera, atenga mabulangete. Buku langa lili pomwepo.

Lolemba, 29 Julho

Bala lauma bwino. Lero chipewa anachigwira m'manja. Afunsa okha ngati kuyabwa n'kwabwino. Ndati inde.

Lachisanu, 16 Agosto

Sikelo. Mayi J. pondipatsa khadi andinong'oneza: "Mwana watengedwa."

Ndafunsa ndi maso.

"Eni ake. Pang'onopang'ono monga munanenera." Kenaka kuseka mpaka amayi ena kutembenuka.

Khansayo ingathe kubwerera, ndinawauza kale onse awiri, ndipo dotolo akuwafuna ku Tete mu Outubro ngati msewu udzalole. Akudziwa. Koma lero ndapima ana 32 ndikuyimba.

Lolemba, 19 Agosto

M'mawa ndapeza a S. pakhonde ndi bambo wina wachikulire, a Cipriano a ku Chidzolomondo, omwe anathawira kuno kwa mwana wawo. Miyezi isanu ndi itatu akukodza magazi, sanauze munthu. Amafuna kulowa okha.

A S. awagwira mkono. "Iyayi achimwene. Muno timalowa awiriawiri."

A S. atembenuka, aitana mkazi wa a Cipriano yemwe anaima patali pa mtengo wa pichesi, nsalu kukamwa. Mayiyo wayamba kubwera.